Musanapite Kukathiritsa Gasi

Okutobala akafika, nyenje zitayamba kusokosa m'mitengo, amakaniko ambiri a m'tauni amakhala ndi yankho lokonzeratu kwa aliyense wodandaula kuti eyakoni ya galimoto yake yasiya kuzizira. Sadikira n'komwe kuti mutsegule boneti. Amangoika dzanja pa kabowo kotulukira mpweya, n'kupukusa mutu: "Apa gasi watha, bwana. Tingothira." Ife eni galimoto timavomera msangamsanga, pakuti yankholi limakoma m'khutu. Petulo amatha, oyilo amatha, gasi wophikira amatha. Nanga wa m'galimoto angalekerenji kutha?

Koma gasi wa eyakoni sapsa, ndipo injini siimumwa. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka mbali zonse, yemweyo lero, yemweyo mawa. N'zoona kuti pakapita zaka amachepako pang'onopang'ono podutsa m'timphira ta molumikizira mapaipi. Koma ngati munathiritsa chaka chatha ndipo chaka chino akuti wathanso, gasiyo anachita kuthawa, ndipo pomwe anathawirapo pakadali pompo, pakudikira wina amene mukufuna kugulayo. Chinanso, eyakoni ili ndi matenda ambiri omwe gasi sakuwadziwa n'komwe: fumbi, mayani, ngumbi, chuku, makoswe. Amenewa safuna geji kapena silinda. Amafuna mwini galimoto wolola kugwada pansi Loweruka m'mawa n'kuda m'manja.

Timadabwitsa ife Amalawi pa kasamalidwe ka galimoto. Kunja kwake timakusamala kwabasi. Sabata iliyonse ili kokatsukitsa, anyamata akupaka matayala polishi mpaka kuchita waliwali, dashibodi ikuterera ndi mafuta onunkhira, kapepala ka fungo kakulendewera pa galasi loonera kumbuyo. Koma mpweya umene ife ndi ana athu timapuma ulendo wonse umadutsa m'kabokosi komwe ambirife sitinakatsegulepo chigulireni galimotoyo. Sindikuti ndi ulesi wokhawokha. Galimoto zathu zambiri, ma Vitz, ma Passo, ma Sienta ndi ma Probox, zinabwera zitayenda kale ku Japan, n'kutsitsidwa pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa kuno kudzera pa Songwe. Buku lake, ngati lilipo, ndi la Chijapani. Ukangoliza injini, kamawu ka mayi wa Chijapani kamakulonjera ndi uthenga umene palibe m'banjamo anaumvapo tanthauzo lake. Mapeto ake munthu umayendetsa galimoto yako yomwe mwamantha, osafuna kukhudza chilichonse chimene chili kuseri kwa pulasitiki, poopa kuti ungaononge.

Chikhalirecho kagwiridwe ntchito ka eyakoni si kamatsenga. Siipanga kuzizira ayi. Imangotola kutentha kwa m'galimoto n'kukakutaya kunja. Kompuresa, yomwe imazunguzidwa ndi lamba wa injini, imapanikiza gasi mpaka atatentha kwambiri. Gasi wotenthayo amapita kutsogolo, mu kondensa, chitsulo chopyapyala chija chokhala patsogolo pa rediyeta. Mphepo ikamadutsa m'timapepala take ta aluminiyamu, gasi amataya kutentha n'kusanduka madzimadzi. Kenako amadutsa pa kabowo kakang'ono zedi, mphamvu yomupanikiza ija n'kugwa mwadzidzidzi, iye n'kulowa mu evapoleta, yomwe inabisidwa kuseri kwa dashibodi. M'menemo amawira n'kusandukanso gasi, ndipo powirapo amamwa kutentha kwa mpweya umene fani ikuuzira pamenepo. Mpweya wolandidwa kutenthawo ndi umene umatiwomba kumaso. Ndiye pali malo awiri pomwe mpweya uyenera kudutsa momasuka: kutsogolo pa kondensa ndi mkati pa evapoleta. Pamodzi pakatsekeka, ngakhale gasi atakwana bwanji, thukuta silikulekani.

Ine ndimayambira mkati, pa kabati ka kutsogolo kwa mpando wa pasenja, komwe timasungamo mapepala a inshuwalansi, malisiti a pa toligeti ndi zolembera zosalemba. Pa galimoto zambiri za Toyota ntchitoyi siifuna ngakhale sipanala. Mumatulutsa zonse zili m'kabatimo, n'kumasula kandodo ka m'mbali komwe kamakagwira kuti kasamagwe mwamphamvu, kenako n'kukafinya mbali zonse ziwiri mpaka timano take titadumpha. Kabati kamapendekera pansi, ndipo kuseri kwake mumaona kachitseko ka pulasitiki, kakatali koma kopyapyala. Mukakatsegula, fyuluta yosefa mpweya imangosololoka.

Yatsopano imakhala yoyera mbee, yopindidwa bwinobwino. Yanga ndikamaisolola kumapeto kwa chilimwe imakhala itafiira katondo wa msewu wa kumudzi, ndipo m'mipindi mwake ndimatha kuona komwe ndakhala ndikuyenda ndi pomwe ndakhala ndikuimika. Maluwa ouma a jakaranda wa kuntchito. Phulusa lakuda la lupsa. Mapiko a ngumbi za dzinja lapita. Kanthenga ka nkhuku imene azakhali anandipatsa. Nthawi ina ndinapezamo njere za chimanga zodyedwa pamtima pokha, ndipo chimanga sichilowa chokha m'menemo. Inu amene mumanyamula matumba ochokera kumunda n'kuisiya galimoto itaima masiku, dziwani kuti khoswe akuonani, ndipo malo amene amakonda kumangapo chisa ndi pamwamba pa fyuluta kapena m'fani mwenimwenimo. Mukamva fani ikuti gudugudu poyatsa, kapena fungo la chinthu chakufa likutulukira m'mabowo a mpweya, musathamangire kugula pefyumu. Tsegulani muone.

Opanga galimoto ambiri amati fyulutayi isinthidwe ikayenda makilomita pafupifupi 15,000 kapena kamodzi pachaka, n'kuonjezera kuti kumalo a fumbi izisinthidwa msanga. Kwathu kuno, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, malo a fumbi ndi paliponse. M'thumba mukapepuka, kuigogoda pansi mofatsa ndi kuipopera mpweya kuchokera mbali yoyerayo kumathandiza kwa kanthawi. Koma ya pepala siichapidwa. Ikanyowa imafota n'kumera chuku. Poika yatsopano, yang'anani kamuvi kali m'mphepete mwake, chifukwa pa zina kamaloza kumwamba pamene pa zina kamasonyeza komwe mpweya ukulowera. Njira yachidule n'kuona mmene yakaleyo inakhalira musanaisolole.

Chimene chimandipweteka mtima ndi chizolowezi cha amisiri ena amene akaipeza fyuluta itatsekeka amangoichotsa n'kutseka kachitseko. Mwini galimoto amachoka akumwetulira kuti mphepo yabwerera. Yabwereradi, koma fumbi lonse lija tsopano likukamatira pa evapoleta, yomwe nthawi zonse imakhala yonyowa, n'kusanduka matope. Ndipo kuti munthu afike pa evapoleta, pa galimoto zambiri amayenera kumasula dashibodi yonse. Ntchito imene ikanatha tiyi asanazizire imasanduka ya tsiku lathunthu, ndi ndalama zoti mukanalipira lendi.

Mukatseka kabati, tulukani mutukule boneti muone pansi pa galasi la kutsogolo, pomwe pamagona mawaipa. Mpweya wakunja umalowera pamenepo. Amene mumakonda mthunzi wa mango, mupezapo mayani ndi maluwa odzaza manja awiri. Wolani.

Kutsogolo pa kondensa kumafuna dzanja lofatsa. Injini itazima ndiponso itazizira, suzumirani ndi tochi kuseri kwa gililo. Ulendo umodzi wa usiku mvula yoyamba itangogwa ndi wokwanira kuti ngumbi zimate pamenepo mbali ndi mbali, kuonjezera njere za udzu, ziwala, ndi jumbo youluka imene inakakamira osaonedwa. Madzi a paipi ya pakhomo ndi kaburashi kofewa n'zokwanira. Anyamata otsuka galimoto ndi makina awo a madzi amphamvu ndimawapempha kuti pamenepa aziima patali, chifukwa timapepala tija n'tofewa moti chikhadabo chimatipinda, ndipo tikagona mphepo siidutsanso. Iwo amaseka, amati, "Madala, mumaikonda galimotoyi kuposa alamu." Ndimawasiya aseke.

Galimoto imanena yokha pomwe pakupweteka, bola kutchera khutu. Ngati eyakoni ikuzizira bwino mukamathamanga mu M1 koma n'kuyamba kuwomba mpweya wofunda mukaima pa mndandanda wa mu Chipembere Highway madzulo, kayikirani kondensa yakuda kapena fani yake yakutsogolo imene yasiya kuzungulira, mwina chifukwa cha fyuzi chabe. Ngati mpweya ukuzizira koma ukutuluka mwaulesi ngakhale fani ili pamapeto, ndi fyuluta. Lamba akamalira tswii mukangodina batani la A/C, walefuka kapena wakalamba. Pa galimoto zambiri, mukayatsa eyakoni pamamveka kakuti tha kuchokera ku kompuresa, kusonyeza kuti yagwira. Ndipo mukaona malo olumikizira mapaipi atanyowa mafuta, fumbi litamatirapo bii, ikani chizindikiro, pakuti oyilo wa kompuresa amayenda limodzi ndi gasi, ndipo pomwe patulukira oyilo gasi wadutsapo kale.

Tsono pali nkhani ya madzi. Ndaonapo anthu akutekeseka pa malo oimikapo galimoto ataona kadziwe pansi pa injini, poganiza kuti rediyeta yabooka. Ngati madziwo ali oyera, opanda fungo kapena mtundu, ndipo eyakoni inali yoyatsa, palibe vuto: ndi chinyezi cha mumpweya chimene chasanduka madzi pa evapoleta yozizira, n'kutsikira pansi kudzera m'kapaipi ka rabala. Choopsa n'chakuti madziwo asamaoneke. Kapaipiko kakatsekeka ndi matope, madzi amabwerera mkati, kapeti wa kumapazi kwa pasenja n'kumangokhala chinyowere, pansi pake dzimbiri likudya chitsulo mwakachetechete. Kapezeni kunsi kwa galimoto, chakumbuyo kwa injini, mukafinye ndi zala kapena mukatokose pang'ono ndi kachingwe ka pulasitiki kofewa. Waya wolimba ayi, angakabowole zimene simukuziona.

Chinyezi chomwecho ndicho chimabala fungo lija la nsanza yonyowa limene limakulandirani m'mawa mukangoyatsa fani. Galimoto ikaima evapoleta ili yonyowa, mumdima ndi motentha, chuku chimapeza pokhala. M'masitolo a zipangizo za galimoto mumapezeka mankhwala a thovu opopera m'menemo, ndipo amathandiza. Koma chizolowezi chaulere chimaposa mankhwala: mukatsala pang'ono kufika kunyumba, zimitsani batani la A/C koma fani muisiye ikuwomba, kuti evapoleta ifike pakhomo itauma.

Chimene chimapha eyakoni zambiri kwathu kuno, mmene ndikuonera ine, si fumbi koma mantha a petulo. Munthu amene anagonapo pa mzere wa pa filing'i siteshoni samvanso za batani lililonse lomwe akuti limamwa mafuta, ndipo sindingamunene. Kompuresa imalemetsadi injini, makamaka ka injini kakang'ono m'tauni momwe mumangoima n'kunyamuka. Ndiye timatsitsa magalasi, chigongono panja, eyakoni n'kugona kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Oyilo uja woyenda ndi gasi ndi amene amanyowetsa timphira ta m'kompuresa ndi ta m'mapaipi. Akakhala miyezi osazungulira, timphirato timauma n'kuyamba kutulutsa gasi. Mphindi khumi pa sabata, ngakhale mu Juni, zimateteza zimenezi, ndipo mafuta a mphindi khumi sangafanane ndi mtengo wa kompuresa.

Komanso mu Juni momwemo eyakoni ili ndi ntchito imene ambiri sitiidziwa. Makina amene Willis Carrier anakonza mu 1902, omwe amatengedwa kuti ndiwo chiyambi cha eyakoni yamakono, sanali oziziritsa anthu. Anali a fakitale yosindikiza ku Brooklyn, mu mzinda wa New York, komwe chinyezi chinkafufumitsa mapepala mpaka mitundu ya inki kusemphana. Ntchito yoyamba ya eyakoni inali kuumitsa mpweya, ndipo ikuigwirabe mpaka lero. Chiperoni chikakuta Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, galasi la kutsogolo limachita nthunzi mkati, ndipo mumaona dalaivala akuyendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likupukuta galasi ndi kansanza kapena chipewa, msewu uli wokhotakhota, m'mbali muli ana a sukulu ndi njinga za kabaza. Chikhalirecho batani lili pomwepo. Yatsani A/C, lozetsani mpweya ku galasi, lolani wakunja ulowe, ndipo ngati mukuzizidwa potozani kotenthetsera. Mpweya wofunda koma wouma umayeretsa galasi msanga kuposa chipewa chilichonse.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati eyakoni ndi ya mabwana. Tsikani phiri la Thabwa masana a Novembala, muwoloke Shire kulowera ku Nchalo ndi Ngabu, komwe kutentha kumapitirira madigiri 40, kumbuyo mutanyamula khanda kapena gogo wodwala. Mukatsitsa galasi mphepo yolowayo imachita kuwawula. Dalaivala wotenthedwa amawodzera, amapsa mtima msanga, amachedwa kuponda buleki. Pamenepo eyakoni si ulemerero ayi. Ndipo pali kayatsidwe kothandiza mafuta omwewo: galimoto ikakhala padzuwa, yambani mwatsegula magalasi n'kuyenda pang'ono kuti chifundizi chituluke, kenako tsekani, yatsani eyakoni, n'kudina batani lozunguza mpweya wa mkati momwemo, kuti makina asamalimbane ndi kutentha kwa chigwa chonse. Batani lomweli ndi lothandiza mukakhala kumbuyo kwa lole ya utsi kapena pa msewu wa fumbi. Pa ulendo wautali muzilizimitsako nthawi ndi nthawi kuti mpweya watsopano ulowe.

Zonse ndanenazi ndi za mpweya ndi madzi, ndipo dzanja la mwini galimoto limalekera pomwepo. Mapaipi a gasi sindiwakhudza, ndipo sindilangiza wina kuwamasula. Tsiku lotentha, mphamvu ya gasi kumbali yochokera ku kompuresa imaposa kasanu ya mpweya wa m'tayala. R-134a, gasi amene ali m'galimoto zathu zambiri, amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, kotero akakuthirani pakhungu ali wamadzimadzi amaotcha ndi kuzizira, ndipo akalowa m'diso angalichititse khungu. Amene muli ndi ma Aqua ndi ma Prius samalani koposa: kompuresa yanu siyendera lamba koma magetsi amphamvu a m'mawaya a olenji, ndipo imafuna oyilo wakewake. Oyilo wamba akalowamo amaononga.

Palinso za kumwamba, zimene sitiziganizira tikamamva gasi akuti fyoo pa galaja, mmisiri atatsindika vavu ndi sikuludiraiva kuti "tichotse wakaleyu". Galimoto zakale zinkayendera R-12, gasi amene anapezeka kuti akuononga ozoni, chophimba cha mumlengalenga chomwe chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la ku Montreal la 1987 linamuthetsa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 opanga galimoto anasamukira ku R-134a. Ameneyu ozoni saikhudza, koma pa kutenthetsa dziko kilogalamu yake imodzi ikufanana ndi makilogalamu pafupifupi 1,430 a mpweya wa kaboni. Theka la kilogalamu lotayidwa pa galaja ndi makilogalamu oposa 700 a kaboni. Mu 2016 mayiko anakumana ku Kigali, ku Rwanda, n'kugwirizana zochepetsa magasi a mtundu umenewu, ndipo Malawi anavomereza nawo. Galimoto zatsopano za ku Ulaya kuyambira 2017 sizigwiritsanso R-134a. Zambiri zili ndi R-1234yf, yemwe saloledwa kusakaniza ndi mnzakeyo. Ife amene mvula yathu yayamba kubwera mosadziwika bwino sitiyenera kuchita kuuzidwa kawiri.

Kunsi kwa boneti, kapena pa chitsulo cha pamwamba pa rediyeta, pali kapepala komata kamene kamanena mtundu wa gasi ndi kuchuluka kwake. Ngakhale mawu ake atakhala a Chijapani, manambala ndi omwewa timawadziwa. Pa galimoto zazing'ono amakhala magalamu pafupifupi 400 kapena 500. Jambulani kapepalako pa foni musanapite kwa mmisiri, chifukwa gasi wa eyakoni sathiridwa mongoyerekeza. Akachepa siizizira bwino, akachuluka siiziziranso, ndipo kompuresa imavutika mpaka kufa. Choopsa kwambiri ndi amene amathira gasi aliyense amene ali naye pafupi, kaya R-22 wa eyakoni za m'nyumba, yemwe mphamvu yake ndi yaikulu kuposa imene mapaipi a galimoto anakonzedwera, kaya R-600a wa mufiriji, yemwe amayaka moto.

Amisiri odziwa ntchitoyi alipo, ena anachita kuiphunzira m'makoleji a ntchito zamanja, ndipo sasowa kuwazindikira. Sathamangira silinda. Amayamba afufuza podontha, ndi madzi a sopo, mankhwala owala kapena kachipangizo konunkhiza, n'kukonzapo. Gasi wotsala amamukokera m'silinda, osati kumutayira m'mwamba. Kenako amalumikiza pampu ya vakyumu n'kuisiya ikukoka kwa theka la ola kapena kuposerapo, kuti mpweya ndi chinyezi zituluke m'mapaipi, pakuti dontho la madzi lotsalira limauma kukhala ayezi pa kabowo kakang'ono kaja n'kutseka njira. Akatero amaika silinda pa sikelo n'kuthira magalamu amene kapepala kanena. Ntchito yotere imachedwa, imadula, ndipo mu Okutobala pamakhala mzere, ndiye ndi bwino kupita mu Ogasiti, fyuluta mutasintha kale, kondensa mutatsuka nokha. Mukafika pa galaja, musanapereke makiyi, ponyani maso m'ngodya zonse. Ngati simukuona sikelo ndi pampu ya vakyumu, munthuyo asakhudze mapaipi a galimoto yanu, ngakhale atakhala mlamu wanu.